Akufa osagona, zinjoka kapena zimphona: kampeni ya D&D ndiimange pa chilombo chiti?

Funso

Ndine DM, woyendetsa nkhani ya masewera, wa gulu la anzanga asanu. Timakumana Loweruka lililonse masana kusewera Dungeons & Dragons (D&D), masewera a patebulo a nkhani zopeka ndi madayisi, pa malamulo a 2014 aja. Takhala tikusewera tinkhani tatifupitifupi, koma tsopano ndikufuna kuyambitsa kampeni yaitali, kuchokera pa levulo 1 kukafika cha pa 10, ndipo ndikufuna nkhani yonse izungulire pa mtundu umodzi wa zilombo. Mtima uli pawiripawiri pakati pa undead (akufa osagona), zinjoka ndi zimphona. Nkhawa yanga ndi yakuti anzangawo angatope nazo. Pagulupo pali cleric (wansembe), fighter (wankhondo), ranger (mlenje), rogue (wozemba ngati mbava), ndi wizard amene amakonda matsenga ogoneka anthu ndi kuwapusitsa. Ndisankhe ziti?

Yankho

Achimwene, nkhawa yanuyo ndi yomveka. Aliyense amene anaphunzira sukulu yogonera komweko amadziwa zimene nyemba za tsiku ndi tsiku zimachita pamtima wa munthu. Nyembazo zilibe mlandu, wolakwa ndi amene anakonza zoti zizibwera masana ndi madzulo omwe. Ma DM ambiri akangoti "kampeni ya undead" amaganiza kuti ndewu iliyonse ikhale ya mitembo yoyenda, ndipo pofika Loweruka lachinayi osewera amaponya madayisi diso limodzi lili pafoni. Mtundu wa chilombo umene musankhe ukhale mwini nkhani, ukhale chifukwa chimene zinthu zaipira m'dziko lanulo. Usakhale ndiwo za tsiku lililonse. Patebulo langa, pa ndewu zitatu, imodzi yokha ndi imene imakhala ya chilombo cha mutu wa nkhani. Zinazo zimakhala za anthu ndi nyama zimene moyo wawo wasokonezeka chifukwa cha chilombocho.

Buku la Monster Manual la 2014 linagawa zolengedwa zonse m'mitundu 14, koma dziwani kuti magawo amenewo anawaika chifukwa cha malamulo, kuti zidziwike kuti tsenga lakuti limagwira ndani ndipo silimagwira ndani. Sanawaike poganizira nkhani. Umboni wake ndi wakuti m'buku latsopano la 2025 ma goblin anawasamutsira ku fey (zolengedwa za matsenga za m'nthano), ma kobold ku zinjoka, ma gnoll ku fiend (ziwanda ndi adyerekezi). Eni akewo akusuntha malire momwe afunira, ndiye inu musamangike nawo. Chimene muyenera kuyang'ana poyamba ndi makwerero: kodi mtunduwo uli ndi tizilombo tolimbana ndi anthu a levulo 1, zapakatikati za levulo 5, ndi chachikulu chotsekera nkhani? Apa mpamene nambala ya CR, yosonyeza kuopsa kwa chilombo, imathandiza. Mwachidule, chilombo cha CR 3 chimayenera kutulutsa thukuta anthu anayi a levulo 3 popanda kupha aliyense.

Zimphona zimagwa pamayeso amenewa, ndipo ine ndinaphunzira zimenezi mowawa. Zaka zingapo zapitazo ndinayambitsa kampeni ya zimphona, ndipo chifukwa cha phuma ndinkafuna osewera aone chimphona tsiku loyamba lomwelo. Ndinatenga chaching'ono pa mitundu isanu ndi umodzi ya zimphona, hill giant, cha CR 5. Maganizo anga anali oti athawe. Sanathawe. Mnzathu wina anali atatha mausiku awiri akulemba mbiri ya wizard wake, dzina la agogo ake, mudzi umene anachokera, ngongole imene anasiya kwawo. Wizardyo anali ndi ma HP 7, nambala ya moyo imene imatsika munthu akavulala. Chimphonacho chimawonjezera 8 pa dayisi yake pomenya, ndipo chibonga chake chimavulaza 3d8 (madayisi atatu a mbali 8) kuphatikiza 5. Ndinaponya pamaso pa onse, zinatuluka 19. Lamulo limati ukachotsa ma HP amene munthu anali nawo, zotsala zikafika kapena kupitirira ma HP onse a munthuyo, wafa pomwepo, palibe zoti akomoke kaye. Patebulo panangoti zii. Mnzathuyo anayang'ana pepala lake, n'kufunsa kuti, "Ndiye basi?" Kenako anati akukagula mayunitsi, ndipo anabwerako tikulongedza.

Ma ogre a CR 2 ndi ma troll a CR 5 nawonso amawerengedwa m'gulu la zimphona, ndiye pansi sipali pululu kwenikweni, komabe kampeni ya zimphona imayamba kukoma pa levulo 5. Amene analemba buku la kampeni ya zimphona lotchedwa Storm King's Thunder mu 2016 ankadziwa zimenezi. Osewera amafika m'tauni ya Nightstone n'kupeza zimiyala zikuluzikulu zili mbwee m'misewu, madenga ataboka, anthu atathawa. Zimphona zimene zinaponya miyalayo kuchokera kumitambo zinali zitapita kale, ndipo amene osewera amamenyana nawo ndi ma goblin amene abwera kudzatola za eni ake. Chimphona palibe, koma dzanja lake lili paliponse. Chimene chimakometsa zimphona ndi dongosolo lawo la maudindo lotchedwa ordning: za mkuntho pamwamba, kenako za mitambo, za moto, za chisanu, za miyala, za m'zitunda kumapeto. Dongosololo likaphwasuka, fuko lililonse limayamba kudzigulira malo. Ngati anzanuwo amakonda za ndale, zokambirana ndi mafumu, kugwirizana ndi uyu kuti agwetse uyo, zimphona zingawakomere, ndipo mawu oti kampeni angamveke monga timawamvera chaka cha zisankho. Koma inu mwati mukufuna kuyambira pa levulo 1, ndiye miyezi iwiri kapena itatu yoyamba ikhala yongoona mapazi.

Zinjoka ndiye zimene dzina la masewerawa likunena, ndipo aliyense amazifuna. Koma walira mvula walira matope. Chinjoka chimauluka, ndipo DM akachiyendetsa mwanzeru monga chilili, sichitera pansi kuti fighter wanu achipeze ndi lupanga. Chimazungulira m'mwamba, n'kulavula, n'kudikira kuti mpweya ubwerere. Chofiira chachikulu, cha CR 17, moto wake ndi 18d6, pafupifupi 63 pa munthu aliyense amene walephera kuzinda. Kwa gulu lothera pa levulo 10, chotsekera nkhani chingakhale chofiira chachinyamata cha CR 10 kapena choyera chachikulu cha CR 13.

Vuto lalikulu la zinjoka si nambala ayi. Chinjoka chimalemera chikakhala chimodzi. Osewera akapha choyamba amaimirira, amakuwa, amajambula madayisi. Akapha chachinayi amafunsa kuti, "Golide ndi wochuluka bwanji?" Kampeni ya zinjoka yabwino imakhala ya chinjoka chimodzi, mwina ziwiri zodana, ndipo miyezi yonseyo osewera amalimbana ndi ma kobold ake, anthu ochipembedza, ndi mfumu imene imachipatsa ng'ombe chaka ndi chaka kuti mudzi wake usapse. Buku la Monster Manual lija limathandiza pamenepa, chifukwa limanena zimene zimachitika m'dera limene chinjoka chachikulu chakhazikika. Kwa chofiira, nthaka imagwedezeka pafupipafupi mpaka mtunda wa mamailosi 6, ndipo madzi apafupi amafunda n'kumanunkha sulufule. Ife zoterezi sitichita kuphunzira m'buku. Napolo palibe amamuona, timangoona mmene wadutsa, monga anaonera anthu a ku Zomba mu 1946 ndi a ku Phalombe mu 1991. Umo ndi mmene chinjoka chiyenera kumvekera patebulo. Koma ndi ntchito yofuna kudekha kwambiri, ndipo kwa kampeni yanu yoyamba yaitali ine sindingakuyambitsireni pamenepo.

Ndiye yankho langa ndi undead, akufa amene akukana kugona. Makwerero awo ndi abwino kuposa a mtundu wina uliwonse pamalevulo amene mukufunawo. Skeleton ndi zombie ali pa CR 1/4, shadow pa 1/2, ghoul pa 1, ghast pa 2, wight ndi mummy pa 3, mzukwa pa 4, wraith ndi vampire spawn (kapolo wa vampire, wakufa wopopa magazi) pa 5. Kuchoka apo masitepe amachepa mpaka vampire weniweni pa 13, koma mpata umenewo mudzaudzaza ndi unyinji komanso ndi anthu amoyo. Lich, wa CR 21, musiyeni kaye, ndi wa kampeni ina. Chinanso chokoma n'chakuti akufawa samenya mofanana. Skeleton amaphwanyika msanga ndi chibonga kapena nyundo. Ghoul akakukanda umauma thupi lonse, kupatula ngati uli elf. Shadow amakuyamwa mphamvu pang'onopang'ono, ndipo Strength ikafika pa 0 wapita, kaya ma HP akadalipo. Mzukwa umalowa m'thupi la mnzako n'kukumenya ndi dzanja lake. Osewera amakakamizika kusintha nzeru nthawi ndi nthawi.

Komabe ngakhale zimenezo sizokwanira kupewa nyemba zija. Chimene chimasiyanitsa wakufa ndi chilombo china chilichonse n'chakuti anali munthu. Anali ndi dzina, ndipo wina anamulira. DM amene amaiwala zimenezi amakhala ndi matumba a ma HP oyendayenda basi.

Mmene ndinachitira ine pambuyo pa manyazi a chimphona chija ndi motere. Masabata atatu oyamba panalibe wakufa ngakhale mmodzi. Osewera anali m'katauni ka m'mbali mwa mtsinje, kodalira mgodi wa siliva, akuthamangitsa mbava ndi mimbulu. Powoloka mtsinje ankakwera bwato la mdala wina wanthabwala, wovala chipewa chaudzu chong'ambika mbali imodzi, amene ankamuwolotsa fighter pangongole chifukwa nthawi zonse analibe ndalama zing'onozing'ono. Sabata lachitatu mdalayo anadwala n'kumwalira. Tinachita maliro patebulo pomwepo, fighter anathandiza adzukulu kukumba, ndipo anaponya m'manda ndalama zitatu za ngongole ija. Sabata lachinayi analowa mumgodi usiku posaka mwana wosowa, n'kupeza anthu akukumba mumdima popanda nyale, osayankhula, osapuma. Mmodzi anatembenuka. Sindinanene kuti ndi zombie. Ndinangonena za chipewa. Zombie ali ndi lamulo lakuti ma HP ake akatha amaponya dayisi, ndipo akapambana amatsala ndi 1 m'malo mogwa, pokhapokha atamenyedwa ndi kuwala koyera kapena ndi critical, kumenya kwamphamvu kumene kumabwera dayisi ikagwa pa 20. Mdalayo anapambana kawiri. Kachitatu mwini fighter anagwira dayisi m'manja nthawi yaitali, n'kunena kuti, "Inu a DM, musandimenyetsenso munthuyu." Zombie wa CR 1/4 yemweyo, wa ma HP 22, anachita zimene chimphona changa chinalephera.

Mwaona kale kumene ndinatenga maganizowo. Tonse tinakula tikumva za ndondocha, za munthu wolemera amene amati chigayo chake chimayenda usiku popanda antchito ooneka. Nkhani zimenezo zili ndi chinthu chimene mabuku ambiri a masewerawa alibe: wakufayo akugwira ntchito, ndipo pali wamoyo amene akudyerapo. Mukangoika mfundo imeneyo pakati pa kampeni, adani amachuluka okha. Pali mwini mgodi. Pali alonda ake. Pali wansembe amene amalandira kangachepe kuti asamafunse chifukwa chake manda akutitimira. Pali akuba mitembo, pali amalonda amene siliva wotchipa wawalemeretsa, pali mfumu imene msonkho wake wakwera ndipo sikufuna kumva zambiri. Pali ngakhale anthu wamba amene akusangalala kuti ana awo sakufanso mumgodi, popeza olowamo ndi akufa kale. Onsewa ndi amoyo, ndipo ambiri mwa iwo si oipa mtima kwenikweni.

Izi zikutifikitsa kwa wizard wanu, amene ndikumudera nkhawa kuposa wina aliyense pagulupo. Tsenga logoneka lija, Sleep, siligwira akufa. Charm Person ndi Hold Person amagwira anthu okha. Mukadzaza kampeni ndi mitembo, munthu ameneyu adzakhala mlendo patebulo kwa miyezi isanu ndi umodzi, akungoponya timoto tating'ono kumbuyo kwa anzake. Pamene cleric zinthu zidzamuyendera: pa levulo 2 amapeza Turn Undead, kuthamangitsa akufa onse amene ali pamtunda wa mafiti 30 kwa mphindi yathunthu akalephera dayisi yawo, ndipo pa levulo 5 ang'onoang'ono a CR 1/2 kutsika amangophwasuka pomwepo. Musamulande zimenezo, musiyeni awale, anasankha cleric kuti aone tsiku lotero. Koma wizardyo tsiku lake ndi pamene akufunika kugoneka alonda a pageti, kapena kumasula pakamwa pa kalaliki amene amasunga buku la mayina a omwalira. Rogue poizoni wake adzakhala wopanda ntchito pa zombie ndi skeleton, koma Sneak Attack, kumenya kwake modzidzimutsa, imagwira bwinobwino. Akanakhala masiku a edishoni yachitatu, pamene akufa sankagwidwa ndi Sneak Attack, ndikanakuuzani kuti mumupepese kaye musanayambe.

Chifukwa cha zimenezi, musabise mutu wa kampeni. Ma DM ena amakonda kudzidzimutsa anthu, koma munthu amene wapanga khalakita yake osadziwa kumene akupita amamva ngati wagulitsidwa mbuzi m'thumba. Patulani Loweruka limodzi losasewera, mukhale pansi ndi mtedza wanu, muwauze kuti nkhaniyi ndi ya akufa osagona ndi amoyo amene akuwadyera. Wizardyo akafuna kusintha matsenga ena, asinthe. Ranger asankhe undead ngati mdani wake woyamba, zimuthandize polondola mapazi ndi kukumbukira zofooka zawo, ndipo akafika pa levulo 6, pamene amasankhanso, atenge mitundu iwiri ya anthu.

Tsiku lomwelo mukambirane chinthu china chimene mabuku olembedwa ku America sangakuchenjezeni. Kuno nkhani za opopa magazi si nthano chabe. Mu 2017 mphekesera za anamapopa ku Mulanje, Phalombe ndi madera ena a kummwera zinaphetsa anthu osalakwa, ndipo mpaka lero agogo amamenyedwa m'midzi powanamizira ufiti. Ine patebulo langa nkhani imachitikira m'dziko lopeka, lokhala ndi mayina opeka, ndipo mwini zoipa sakhala nkhalamba yosauka ya kumapeto kwa mudzi. Amakhala munthu wa nsapato zopolisha. Zilombo za gule wamkulu sindiziika n'komwe pamndandanda wa zoti ziphedwe, zimenezo zili ndi eni ake. Ndipo ngati wina pagulupo waferedwa posachedwa, mufunseni pambali ngati angapirire nkhani ya akufa. Akati ayi, pitani ku zimphona, kampeni ya akufa idzadikira.

Tsopano mutu wa zonsezi. Kumapeto kwa levulo 10, vampire wa CR 13 ndi woyenerera bwino, iye ndiye amene anaphunzitsa mwini mgodi kudzutsa akufa, posinthana ndi chinthu chimene osewera adzachitulukira mochedwa. Ubwino wa vampire ndi wakuti sungamugonjetse ndi mphamvu zokha. Amabwezeretsa ma HP 20 nthawi yake iliyonse ikakwana, pokhapokha atalawa kuwala koyera kapena madzi odalitsidwa. Mukamugwetsa amasanduka nkhungu n'kuthawira kubokosi lake. Dzuwa limamuwotcha, madzi oyenda amamuvulaza, ndipo salowa m'nyumba ya munthu osaitanidwa. Chilichonse mwa zimenezi ndi Loweruka lathunthu la kufufuza: bokosilo lili kuti, ndani anamuitana m'nyumba ya mfumu, n'chifukwa chiyani wina akulipira kuti mtsinje upatutsidwe. Mtsinje womwe uja wa mdala wa bwato.

Akuluakulu amati chakudza sichiyimba ng'oma, koma patebulo chakudza chiyenera kuyimba, ndipo chiyambe msanga. Mdani amene osewera akumuona koyamba tsiku lomaliza sawawa mtima, amangokhala nambala zazikulu. Kampeni yolembedwa m'buku ya Curse of Strahd, ya 2016, imachita bwino pamenepa. Ndi nkhani ya vampire mmodzi, koma m'dziko lake la Barovia osewera amalimbana ndi mimbulu, anthu osanduka mimbulu, mfiti ndi ma druid, pamene mwini wakeyo amangotulukira apo ndi apo, mpaka kuwaitanira chakudya chamadzulo kunyumba yake yachifumu. Wanunso achite chimodzimodzi. Atumize chipepeso pamaliro. Alipire ngongole ya rogue kundende osapemphedwa. Pofika levulo 4 akhale atagwirana nawo chanza, dzanja lozizira, mawu aulemu.

Mitundu ina imene simunaitchule ndingoidutsa mwachangu. Ooze, zilombo zonanda zija, ndi zomera ndi zokometsera, sizifuna kanthu kupatula kudya, ndiye sizingasenze nkhani. Fey ndi abwino kwa gulu lokonda kuyankhula, chifukwa nkhondo yawo ndi ya malonjezo ndi mawu okhota, ndipo wizard wanu akanasangalala nawo. Adyerekezi ali ndi makwerero aatali, kuchokera kwa imp wa CR 1 kukafika kwa pit fiend wa 20, ndiponso amakonda mapangano olembedwa, koma moto suwagwira, choncho Fireball imene aliyense amaidikira pa levulo 5 imasanduka yopanda pake. Ma mind flayer, zilombo zodya ubongo wa anthu, ndi abale awo ndi a gulu lokonda zinsinsi, limene lingapirire miyezi osadziwa chimene likulimbana nacho.

Chomaliza, cleric wanu mumupatse funso loti akaganizire kunyumba musanayambe. Cha pa levulo 6 muwakonzere wakufa mmodzi amene nzeru zake zikadalipo, wight amene ankayang'anira anzake mumgodi. Asamenye. Agwade, apemphe kuti asabwezeredwe kumanda, chifukwa mwini mgodi amapereka malipiro ake kwa mkazi wake mwezi ndi mwezi, ndipo ana ake atatu akudyera pomwepo. Cleric adziwiretu kuti mulungu wake amati chiyani pa nkhani yotere, chifukwa anzake anayi aja adzatembenuka n'kuyang'ana iye.